Rihla ya Ibn Battuta pa tchuthi: nkhani yokoma yofunika sikelo

Chaka ndi chaka sukulu zikamayandikira kutseka kumapeto kwa Julaye, ophunzira anga a m'kalasi yomaliza amabwera ndi funso lomwelija: “Shehe, tikawerenge buku lanji pa tchuthi?” Kale ndinkawalembera mndandanda wa mabuku khumi. Pobwerako mu Seputembala ndinkapeza kuti ambiri sanamalize ndi limodzi lomwe, koma mitu yawo yadzaza ndi mauthenga a pa WhatsApp osadziwika mwini wake. Masiku ano ndimatchula buku limodzi lokoma kuwerenga, ndi lina laling'ono loyezera loyambalo. Chaka chino ndatchula Rihla, buku la maulendo a Ibn Battuta. Ndifotokoze chifukwa chake, ndi pomwe owerenga ayenera kuponda mosamala.

Ibn Battuta anabadwira ku Tangier m'dziko la Morocco mu 1304, m'banja la makadhi a madhhab ya Maliki. Mu 1325, ali ndi zaka 21, ananyamuka kupita ku Hajj, ndipo kwawo anakafikanso mu 1349. Pa zaka zimenezi anayenda ku Egypt, Syria, Iraq, Persia, gombe la kum'mawa kwa Africa, Anatolia ndi India. Anagwira ukadhi ku Delhi pansi pa Sultan Muhammad bin Tughluq, kenako ku zilumba za Maldives. Atabwerera sanakhazikike: anawolokera ku Andalus, ndipo mu 1352 anadutsa chipululu cha Sahara kupita ku Mali.

Ubwino woyamba wa bukuli ndi wakuti limalola kuwerengedwa pang'onopang'ono. Mzinda uliwonse uli ndi nkhani yakeyake, choncho wothandiza makolo kumunda kapena pa okala angathe kuwerenga masamba asanu madzulo, mawa n'kupitiriza osasokonezeka. Ubwino wachiwiri ndi wa wophunzira fiqh. M'kalasi timaphunzira lamulo lili pa pepala, pamene mu Rihla timaliona likuyenda pakati pa anthu. Ku Damascus, mlembiyu anaona kapolo wachichepere ataswa mbale yadothi ya mtengo wapatali, ndipo anthu anamulozera kwa woyang'anira waqf ya ziwiya, yemwe anamupatsa ndalama yogulira ina. Amene waloweza malamulo a waqf adzamvetsa pa nkhani yaifupiyi chomwe malamulowo ankateteza. Ku Maldives, Ibn Battuta ali kadhi anayesetsa kusintha kavalidwe ka amayi a kumeneko, ndipo akuvomera yekha kuti analephera kupatula pa bwalo lake la milandu. Woweruza aliyense wachinyamata amene amaganiza kuti chizolowezi cha anthu chimasintha ndi chigamulo chimodzi ayenera kuwerenga ndime imeneyo kawiri.

Kwa ife kuno, masamba okoka mtima ndi a ulendo wa cha m'ma 1331 pomwe anafika ku Mogadishu, Mombasa ndi Kilwa. Anapeza anthu a gombelo akutsatira madhhab ya Shafi'i, yomwenso Asilamu ambiri a kuno timatsatira, ndipo anamva za golide wodzera ku Sofala. Kilwa yomweyi ndiyo amalonda a Chiyao ankafikako ndi minyanga ya njovu patapita zaka mazana angapo. Komabe pano mpofunika kudekha. Ndinamvapo mnyamata wina akulalikira kuti Ibn Battuta anaona nyanja yathu. Bukulo silinena zimenezo, ndipo iye sanalowe kumtunda kuno. Chisilamu chinazika mizu m'mbali mwa nyanja m'zaka za m'ma 1800, m'nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah ku Nkhotakota ndi mafumu ngati Makanjila. Kuwonjezera zaka 500 pa mbiri yathu sikutipatsa ulemu, kumangopatsa otitsutsa poyambira.

Tibwere ku zofooka. Ibn Battuta sanalembe bukuli ndi dzanja lake. Sultan Abu Inan wa ku Fez analamula kuti afotokoze maulendo ake kwa mlembi wotchedwa Ibn Juzayy, ndipo kufotokozako kunatha mu 1355, patadutsa zaka 30 chinyamukire kwawo. Munthu wokumbukira za zaka 30 amasokoneza masiku ndi njira. Kuwonjezera apo, akatswiri anapeza kuti ndime zambiri zofotokoza Damascus, Makka, Madina ndi Baghdad zinatengedwa m'buku la Ibn Jubayr, amene anayenda maderawo pakati pa 1183 ndi 1185. Ulendo womwe akuti anapita ku Bulghar, kumtunda kwa mtsinje wa Volga, ambiri amaukayikira chifukwa masiku omwe watchula sakwanira mtundawo.

Chitsanzo cholemera kwambiri kwa owerenga magazini ino ndi cha Ibn Taymiyya. Rihla ikunena kuti mlembiyu anamuona ndi maso akulalikira Lachisanu mu mzikiti wa Damascus, n'kumuika mawu m'kamwa omwe adani ake akhala akuwagwiritsa ntchito mpaka lero. Koma Ibn Battuta mwiniyo akuti anafika mu mzindawo pa 9 Ramadhan 726, pamene olemba mbiri a nthawiyo akugwirizana kuti Ibn Taymiyya anatsekeredwa m'linga la Damascus mwezi wa Sha'ban chaka chomwecho, ndipo sanatulukemo mpaka imfa yake mu 728. Munthu ali m'ndende sangaime pa mimbari. Kaya mumagwirizana ndi Ibn Taymiyya kaya ayi, umboni umenewu sungaime pa bwalo la kadhi aliyense.

Chofooka china n'chakuti Ibn Battuta amaona dziko ali pa mphasa ya mfumu. Amawerengera mikanjo, akavalo ndi ndalama zomwe anapatsidwa, ndipo mfumu yowolowa manja kwa iye imatuluka yolungama. Akapolo amawagula ndi kuwalandira ngati mphatso, mtima wosagunda. Akuyamikira Sultan wa Kilwa, al-Hasan ibn Sulayman, pa kupatsa kwake, pomwe gawo la chumacho linkachokera ku nkhondo zomwe ankachita ndi anthu a kumtunda. Ife ndife ana a kumtunda. Powerenga ndime imeneyo tiyenera kufunsa funso lomwe mlembiyo sanafunse: ogwidwawo anali ana a yani?

Ndiye tilitaye bukuli? Ayi. Apa mpomwe pakubwera buku lachiwiri, Muqaddimah ya Ibn Khaldun, yolembedwa mu 1377 ku Qal'at Ibn Salama m'dziko lomwe lero ndi Algeria. Pa tchuthi musalimbane nalo lonse, mawu oyamba okha onena za zolakwa za olemba mbiri akukwanira. Mmenemo Ibn Khaldun akuphunzitsa kuti kudziwa amene wanena nkhani sikokwanira, nkhaniyonso iyesedwe ngati ingatheke. Akutsutsa al-Mas'udi ndi ena pa chiwerengero cha asilikali 600,000 a ana a Israeli m'chipululu, pofunsa kuti khamu lotere likanaima pati ndipo likanalamulidwa bwanji.

Chosangalatsa n'chakuti Ibn Khaldun anamva yekha manong'onong'o a ku Fez akuti Ibn Battuta ndi wabodza, makamaka pa zomwe ankasimba za chuma cha mfumu ya ku Delhi. Atakambirana ndi nduna ina ya Sultan, ndunayo inamuchenjeza ndi fanizo la mwana wokulira m'ndende pamodzi ndi bambo ake, amene atamva za nkhosa anaganiza kuti ndi mtundu wa khoswe, poti khoswe ndiye nyama yokhayo anaionapo. Phunziro lake ndi la mbali ziwiri. Wokhulupirira zonse ndi wosavuta kunamiza, ndipo wokana zonse zomwe sanazione ndi mwana wa m'ndende uja. Zambiri zomwe Ibn Battuta ananena za India ndi Mali zinadzatsimikizika ndi maumboni ena. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene Chiarabu chikuwavutabe angapeze Rihla m'Chingerezi: kumasulira kwa H. A. R. Gibb kunafupikitsidwa m'buku limodzi ndi Tim Mackintosh-Smith mu 2002. Muqaddimah inamasuliridwa ndi Franz Rosenthal mu 1958, ndipo chidule chake chinatuluka mu 1967. Wofuna kutsiriza ndi za kwathu afunefune Chiikala cha Wayao cha Yohanna Abdallah, chosindikizidwa ku Zomba mu 1919 m'Chiyao ndi m'Chingerezi. Abdallah anali wansembe wa Anglican, ndipo ena amalikana bukulo pa chifukwa chokhacho. Kumeneko n'kulakwa. Iye anamva kwa akuluakulu omwe anaona nthawi ya Mataka ndi maulendo a kugombe. Muikeni pa sikelo yomweyo imene mwaikapo Ibn Battuta, osaipepuza kapena kuilemeretsa.

Kwa ophunzira anga ndapereka ntchito imodzi yokha. Akhale ndi kope pambali, ndipo pa mzinda uliwonse alembe ngati mlembiyo anaona yekha, anamva kwa wina, kapena anatenga m'buku la mnzake. Alembenso amene anamudyetsa mu mzindamo. Amene adzabwere mu Seputembala ndi kope lodzaza adzakhala ataphunzira kufunsa mafunso omwewo kwa uthenga uliwonse wofika pa foni yake usanatumizidwe kwa ena. Allah ndiye Wodziwa koposa.