Amisiri a pansi pa Ilala

Sitima ya Ilala inamangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa, n'kuyamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Kwa zaka zoposa 70 yakhala ikunyamula anthu pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba. Okwera amatama kaputeni, koma oyenera kuwaombera m'manja ali pansi, m'chipinda chotentha cha injini.

Pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma palibe galaja.

N'chifukwa chake amisiriwa sadikira kuti chinthu chife. Posintha oyilo amawerenga maola amene injini yalira, osati makilomita. Amakhetsa madzi olowa m'dizilo asanawononge mainjekita, amatsuka sefa ya madzi oziziritsa injini, amakhudza malamba kuti amve ngati akhwepa. Utsi nawo umawauza nkhani: ukada, mpweya wachepa kapena dizilo wachuluka, ukakhala wabuluu, oyilo akupsa.