Mpweya Wopatsidwa ndi Manja: Ndemanga ya Buku la The Autumn Ghost

Mu Ogasiti 1952, chipatala cha Blegdam mumzinda wa Copenhagen ku Denmark chinasefukira ndi odwala poliyo, ambiri mwa iwo ana. Mwa odwala 31 oyamba amene matendawa anawafoola minofu yopumira, 27 anamwalira. Chipatala chonsecho chinali ndi thanki imodzi yokha yachitsulo, ija ankagonekamo munthu kuti imuthandize kupuma. Mliri umenewu ndiwo phata la buku la Hannah Wunsch, The Autumn Ghost, lomwe linatuluka mu 2023.

Wunsch ndi dokotala wa odwala mwakayakaya, ndipo zimenezi zikumveka m'kalembedwe kake. Pomwe bukuli landigwira mtima kwambiri ndi pa Bjørn Ibsen, dokotala wogonetsa odwala pa opaleshoni. Iyeyu anazindikira kuti anawo akutha chifukwa mpweya woipa ukuunjikana m'magazi mwawo. Pa 27 Ogasiti, mtsikana wa zaka 12, Vivi Ebert, anabooledwa pakhosi n'kulowetsedwa kapaipi, Ibsen n'kuyamba kufinya kathumba ka labala kukankhira mpweya m'mapapo mwake. Mtsikanayo anapulumuka. Makina okwanira kunalibe, choncho ophunzira zaudokotala oposa 1,000 ankasinthana usana ndi usiku pambali pa mabedi, kufinya, kusiya, kufinyanso, kwa miyezi. Wofinyayo akangowodzera, mwana amayamba kubanika.

Dandaulo langa ndi limodzi. Ndikadakonda mlembiyu akadakhalitsa pa zimene zinadziwika pambuyo pake, zoti mpweya wokankhidwa mwamphamvu umavulazanso mapapo omwe ukuwapulumutsa. Mu 1974, ofufuza awiri, Webb ndi Tierney, anaika makoswe pamakina opumira n'kukweza mphamvu yake kufika pa masentimita 45 a madzi. Ola lisanathe, mapapo a makoswewo anali atadzaza madzi. Koma makoswe omwe makina ankawasiyira kamphamvu ka masentimita 10 potulutsa mpweya, kuti timatumba ta m'mapapo tisaphwe, sanasefukire chomwecho. Timatumbati timadziumitsa tokha: khungu lake lopyapyala limakoka mchere, madzi n'kumautsatira kutuluka. Mukalitamula mopyola, limayamba kudontha, ndipo mphamvu yake yochotsa madzi imachepa. Phunziro la makosweli linachedwa kufika pabedi la munthu. Mu 2000, kafukufuku wamkulu ku America anaonetsa kuti kupereka mamililita 6 a mpweya pa kilogalamu iliyonse ya thupi, m'malo mwa 12, kunachepetsa imfa kuchoka pa anthu pafupifupi 40 kufika pa 31 mwa 100 alionse. Owerenga amene agoma ndi Ibsen ayenera kudziwanso mbali imeneyi.

Ngakhale zili choncho, bukuli ndi lamphamvu, ndipo Wunsch amawapatsa ulemu wawo anamwino ndi ophunzira omwe mbiri imakonda kuwaiwala. Nkhani yake si yakutali kwa ife. Mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, patatha zaka 30 chionekere matendawa m'Malawi.

Bukuli lili m'Chingerezi, koma chosavuta kutsatira ngakhale kwa munthu amene sanaphunzire zachipatala. Anamwino, ophunzira zaudokotala, ndi inu makolo amene mumakayikira katemera wa poliyo, lipezeni muliwerenge.