Soja wa ku Sosola

Wamba ng'omayo pamoto, mnyamata, chikopa chikungike, tikutchula Soja!

Ndinu Lucius Banda, mphukira ya m'mudzi wa Sosola kwa Nsamala, wobadwa pa 17 Ogasiti 1970. Mng'ono wa Paul Banda, woleredwa m'manja mwa Alleluya Band, woyamba kuimba mawu asanakhwime. Womba ng'oma!

Ndinu Mwana wa Mmphawi, dzina lomwe munapatsa chimbale chanu choyamba, Son of a Poor Man, chojambulidwa ku Johannesburg. Mtsegulapakamwa, woimba Mabala anthu akali ndi mantha a chipani chimodzi, pomwe zowawa ankangonong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Kaseti yanu inkalira m'minibasi ya Balaka–Liwonde mpaka kutafunika, kondakitala n'kuikulunga ndi bolopeni kuti ilirenso. Womba ng'oma!

Ndinu mwini Zembani Band ya 1997, nkhuku ya make yofungatira anapiye. Billy Kaunda anadzera pakhomo panu, Mlaka Maliro anadzera pakhomo panu, Wendy Harawa anadzera pakhomo panu. Mwini chimbale cha Down Babylon, mwini chimbale cha Cease Fire, mwini Sand Music Festival, woitanira dziko kumchenga wa nyanja. Womba ng'oma!

Ndinu Soja wopanda mfuti, phungu wa Balaka North wa 2004. Mu 2006 chitseko cha ndende ya Zomba chinakutsekerani, chaka chomwecho chinakutsegukirani, inu n'kutuluka ndi chimbale cha Cell 51 Maximum. Wailesi ya boma inakana nyimbo zanu, koma m'misika, m'mabala ndi m'maukwati zinkalira usana ndi usiku. Mu 2014 anthu a kwanu anakubwezerani ku Nyumba ya Malamulo. Wogwa n'kudzuka, wodzudzula mafumu maso ndi maso, mkamwa mwa osowa ponenera. Womba ng'oma!

Akulu anati ng'oma yomveka sichedwa kung'ambika. Pa 30 Juni 2024 impso zinakugonjetsani ku South Africa muli ndi zaka 53, ndipo Sosola anakulandirani, mwana wake. Tinalira Balaka, tinalira Machinga, tinalira Malawi yense.

Inu oimba a lero, ogwira gitala kwa Nsamala, Soja wasiya ntchito m'manja mwanu. Mlimi akaberedwa pa sikelo, muimbe. Chipatala chikasowa mankhwala, muimbe. Wamkulu akadya za amasiye, mumutchule poyera. Soja! Soja wa amphawi! Soja wa ku Sosola!