Nkhomo Zopanda Phokoso

Pa komboni ya pulazi ina ya fodya kufupi ndi Banket, chapanjira yochoka ku Harare kupita ku Chinhoyi, pali agogo ena amene masiku ano amasewera bawo ndi foni ya mdzukulu wawo. Thabwa ali nalo ndithu, lakuda bii ndi thukuta la zala, koma anzawo okhala tsidya lina la thabwalo anatha. Ena anatsogola, ena anamwazikana mapulazi atayamba kulandidwa mu 2000. Makolo awo anali m'gulu la anthu aja ochokera ku Nyasaland odzalima fodya wa azungu, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena olembedwa ndi Mthandizi, mpaka kusanduka machona. M'katundu wawo munali Chichewa, gule ndi bawo. Eni dziko ali ndi tsoro yawo, nayonso ya mizere inayi, koma malamulo ake ndi ena.

Tsiku loyamba mdzukulu atawayatsira masewerawo, anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Iwe, nyumbayi yaperewera." Sananame. Amene anakonza pulogalamuyo anatsata malamulo a ku Zanzibar, kumene m'nyumba, dzenje lapadera la wosewera aliyense, mumayamba nkhomo 6 ndipo m'manja mumatsala 22. Kwathu ku Malawi m'nyumba timaikamo 8, m'manja n'kutsala 20. Maenje ndi omwewo 32, nkhomo ndi zomwezo 64, koma ziwiri zokhazo zimasintha tsiku limene nyumba idzapse. Anang'ung'udza pang'ono, kenako n'kuyamba kuwerengera mwatsopano.

Chimene chimandigwira mtima ndi kanthawi kaja foni ikagawa nkhomo zake n'kugona, iwo asanakhudze galasi. Chala chimaima m'malere. Milomo imagwedera koma mawu satuluka. Pamenepo akuyenda ulendo wonse m'mutu: ndikaponya apa ndidya zitatu za uyo, ndikaziyambira kumanzere yomaliza igwera m'dzenje la ziwiri, ndinyamula zitatuzo, ndizungulira kumbuyo, nditulukira kutsogolo moyang'anizana ndi zisanu zake, ndidyanso. Dzenje lililonse limene nkhomo yadutsamo lasintha chiwerengero, ndipo akalibwererako kachiwiri ayenera kukumbukira kuti tsopano muli zinayi, osati zitatu zimene maso akuona. Apa ndi pamene pamagona bawo. Thabwa la pamaso limakhala chikhalire, pamene la m'mutu likuyenda. Akafika pogona amabwerera poyambira n'kuyesa za kumanja, ndipo akatero ndiye chala chimatsika.

Mdzukulu amafunsa funso limodzi lokha, kuti adya zingati. Agogo amafunsanso lachiwiri: ndikagona, mnzangayu ndamusiyira chiyani? Ndinawaona akusiya njira yodyera nkhomo zambiri n'kusankha yodyera ziwiri zokha, chifukwa yoyambayo ikanasiya mulu kutsogolo, pakamwa pa mdani. Mnyamata anafuula kuti, "Agogo, mwataya!" Iwo anangoti, "Dikira, mwanawe." Nyumba amaisunga ngati nkhokwe ya m'chaka cha njala. Saiphwasula chifukwa choti mpata wapezeka ayi. Amadikira mpaka nkhomo zake zitakwanira kukagwera pamene akufuna, ndipo ikatuluka imasesa mzere wa mnzawo ngati madzi osefukira.

Pali zimene foni inawalanda, ndipo sindibisa, zimandiwawa. Dzanja lawo linkagawa nkhomo mwaliwiro, imodzi imodzi, osaphonya dzenje, ndipo kulira kwake pa thabwa kunkaitana anthu kuchokera kumabalani a fodya. Tsopano foni imagawa yokha, mwakachetechete. Imalembanso manambala pa dzenje lililonse, pamene pathabwa mulu ukakula zapansi zimabisika ndipo katswiri ndi amene wakumbukira zimene zinalowamo. Koma chinyengo cha kugwetsa ziwiri m'dzenje limodzi kapena kubisa ina m'chikhatho nachonso chinatha, ndipo ichi agogo amachiyamikira, poti iwo sanadalirepo zala kuposa mutu.

Akatswiri a makompyuta masewera a mtundu uwu anawalimbana nawo kalekale. Mu 2002, John Romein ndi Henri Bal a ku Vrije Universiteit ku Amsterdam anawerengetsa makina awo mpaka kumapeto masewera a awari, m'bale wake wa bawo wa mizere iwiri, ndipo anapeza kuti onse awiri akasewera mosalakwitsa palibe wopambana. Alex de Voogt anakhala ndi akatswiri a bawo ku Zanzibar nalemba buku mu 1995 lofufuza pamene nzeru za munthu zimalekezera powerengera ulendo wa nkhomo. Mu 2006, iyeyu ndi anzake anaonetsa kuti pali kagawidwe kena kamene sikagona konse, nkhomo zimangozungulira mpaka kalekale. Zimenezi ndikamaziganiza ndimayang'ananso milomo ya agogo ija, imene ikutsata ulendo womwewo popanda pepala.

Foniyo siisochera powerenga, ndipo masiku oyamba inawagonjetsa kangapo. Koma anaiphunzira khalidwe monga ankachitira ndi anzawo a pakomboni. Anaona kuti ndi yadyera, ikaona chakudya chambiri imathamangira. Ndiye anayamba kuitchera nyambo, kusiya dala nkhomo zinayi poyera kuti ikadya, mzere wake wakutsogolo utseguke malo amene nyumba yawo ikafikire.

Madzulo ena, dzuwa likulowa kuseri kwa mabalani, msampha unagwira. Nyumba inatuluka, inadya, inazungulira kumbuyo, inadyanso kawiri, ndipo kutsogolo kwa foni kunatsala mbee. Nkhomo yomaliza isanagwe agogo anali ataloza kale dzenje lake ndi chikhadabo. Anabweza foni kwa mdzukulu, poti batire linali litatsala pang'ono, n'kumuuza kuti, "Katenge thabwa lija m'nyumbamo, ukhale apo."