Za Dzina la Munthu pa Tchati cha Maudindo ndi Msonkho Wake

Ambiri a ife tinalowapo mu ofesi ya sukulu, ya chipatala kapena ya sinodi, ndipo tinaona pakhoma pepala lalikulu la timabokosi tolumikizidwa ndi mizere. Pamwamba pali dzina la mkulu wa onse, pansi pake maina a akapitawo ake, ndi pansinso maina a iwo amene amvera akapitawo aja. Pepala limeneli alitcha tchati cha maudindo, ndipo ntchito yake ndiyo kuonetsa wolamula ndi wolamulidwa. Kwathu kuno tichiyesa chokometsera khoma chabe. Koma ku Britain, kumene ana athu ena agwira ntchito m'zipatala ndi m'makampani, dzina la munthu pa tchati chotere lakhala choopsa, pakuti likhoza kusanduka mboni pa mlandu wa msonkho. Tifuna kuyesa mwambo umene wabadwa mwa mantha amenewa, ndi kunena poyera chimene tichiona chokhota.

Tiyambe ndi chimene tonse tichidziwa. Mphunzitsi wa pasukulu afika belu likalira, aphunzitsa zimene akulu ake anamuikira, alandira malipiro pakutha pa mwezi, ndipo sangathe kutuma mbale wake kukaima m'malo mwake. Ameneyu ndiye wolembedwa ntchito. Koma mmisiri amene tipangana naye kuti atimangire nyumba ya mapemphero abwera ndi zipangizo zake ndi anyamata ake, atchula mtengo wa ntchito yonse, ndipo khoma likagwa alimanganso ndi ndalama zake. Ameneyu ndiye kontrakitala, munthu wa malonda akeake. Onse awiri atigwirira ntchito, koma mmodzi ndi wa m'nyumba, winayo ndi mlendo.

Ku Britain kusiyana kumeneku kuli ndi ndalama zambiri. Wolembedwa ntchito amdula msonkho pa malipiro ake, ndipo iye ndi bwana wake apereka ndalama zina zotchedwa National Insurance; kuyambira Epulo 2025 gawo la bwana linafika pa 15 mwa 100 alionse a malipiro opitirira malire oikika. Koma munthu akakhazikitsa kakampani kakekake nagulitsa ntchito yake kudzera m'menemo, womgwiritsa ntchitoyo salipira gawo lija, ndipo mwini wakeyo akhoza kutenga ndalama zake monga phindu la kampani, limene silidulidwa National Insurance. Motero panaoneka anthu otsazika ntchito Lachisanu, nabweranso Lolemba pa mpando womwewo atasanduka makontrakitala. Pofuna kutseka njira imeneyi, boma linalengeza mu 1999 lamulo lodziwika ndi dzina lakuti IR35, limene linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2000. Funso lake ndi ili: kakampani kaja kakadapanda kukhalapo, kodi munthuyu akadakhala wolembedwa ntchito? Akapezeka wotero, apereke msonkho monga wolembedwa ntchito. Poyamba wodziyesa anali kontrakitala mwini, koma kuyambira 2017 udindowo unaikidwa pa mabungwe a boma, ndipo kuyambira 2021 pa makampani aakulu ndi apakati amene amgwiritsa ntchito.

Nanga tchati chilowa bwanji m'nkhaniyi? Mu 1952 woweruza wina wotchuka, Denning, anaphunzitsa kuti ntchito ya wolembedwa ili chiwalo cha thupi la kampani, pamene ntchito ya kontrakitala ingothandizira ili kunja. Anafanizira dalaivala wa bwana ndi woyendetsa takisi, mtolankhani wa nyuzipepala ndi munthu wongotumizako nkhani. Tsono dzina la kontrakitala likapezeka m'kabokosi, pansi pa kapitawo ndi pamwamba pa anyamata anayi, akuluakulu a msonkho, ndiwo HMRC, akhoza kuloza chala nati, si uyu chiwalo cha thupi? Chifukwa chake alangizi ambiri auza makontrakitala kuti akane kulembedwa pa tchati, asatenge dzina la udindo, asapite ku phwando la antchito la Khirisimasi, ndipo baji yawo ikhale yosiyana ndi ya anzawo.

Sitikana kuti m'malangizo amenewa muli kanzeru. Mmisiri woona sayenera kulola kuti amlembe pamene iye sali, pakuti umboni wonama, ngakhale waung'ono, ukhoza kumpweteka. Chimene titsutsa ndicho chizolowezi cha kufafaniza dzina pakhoma, zonse zili chikhalire. Munthu afika nthawi imene kapitawo anena, achita chimene kapitawo amuuza, apempha chilolezo asanapite kumaliro, wakhala pa mpando umodzi zaka zinayi, koma popeza kabokosi kake kachotsedwa, onse agwirizana kumutcha mlendo. Kumeneku ndiko kubisa mboni. Mlandu ukhalapobe, ndipo pawonjezeka chinyengo chimene poyamba panalibe.

Mabwalo a milandu a komweko anaonetsa kale kuti zizindikiro zakunja sizigamula. Mu 1968 panali mlandu wa kampani ya Ready Mixed Concrete. Dalaivala wake anavala yunifolomu ya kampani, lole yake inapakidwa utoto wa kampani, ndipo aliyense womuona pamsewu akanati ndi wa m'nyumba. Koma woweruza MacKenna anapeza kuti loleyo anaigula yekha pangongole, anaisamala ndi ndalama zake, ndipo phindu ndi kutaya zinali zake. Motero anamuyesa kontrakitala. Mu 2011 bwalo lalikulu koposa la dzikolo linaweruza mlandu wa otsuka magalimoto a kampani ya Autoclenz. Mapepala awo ananena kuti ali odziimira paokha ndi kuti akhoza kutuma ena m'malo mwawo, koma bwalo linayang'ana makhalidwe a tsiku ndi tsiku, nilipeza kuti anali olembedwa ntchito. Dalaivala uja chovala chinamutcha wa m'nyumba, otsuka aja pepala linawatcha alendo, ndipo oweruza sanamvere chovala kapena pepala. Anafunsa za wolamula kagwiridwe ka ntchito, za ufulu wa kutuma wina, za mangawa a mbali zonse ziwiri, ndi za amene ataya ndalama zinthu zikalakwika. Tchati ndi mboni imodzi mwa zambiri, ndiponso yaing'ono.

Komabe tisafulumire kudzudzula makontrakitala okha, pakuti mantha awo ali ndi chifukwa. Muyeso wa lamuloli ndi wovuta ngakhale kwa akatswiri. Mu 2018 Christa Ackroyd, woulutsa nkhani pa wailesi yakanema ya BBC, anagonja pa mlandu wa msonkho woposa mapaundi 400,000. Mu 2019 Lorraine Kelly wa pa ITV anapambana mlandu wa mapaundi 1.2 miliyoni, popeza bwalo linapeza kuti kampaniyo sinamlamulire kokwanira. Munthu wamba woona amayi awiri olankhula pa kanema adzavutika kunena pogona kusiyana kwawo. Boma lomwe linagwedezeka: mu Sepitembala 2022 nduna ya zachuma Kwasi Kwarteng inalengeza kuti idzachotsa zosintha za 2017 ndi 2021, ndipo mwezi wotsatira wolowa m'malo mwake, Jeremy Hunt, anabweza mawuwo. Pamene lamulo lili la chizimezime, anthu agwira chimene maso aona, ndicho chifukwa chake kabokosi kapakhoma kakula chotere.

Cholakwa chachikulu tichipeza m'lamulo mwenimwenimo. Munthu amene ayesedwa wolembedwa ntchito pa za msonkho sasanduka wolembedwa ntchito pa za ufulu wake. Amdula monga anzake a m'mabokosi, koma kampani imene aigwirira ntchito sikakamizidwa ndi chigamulocho kumpatsa tchuthi cholipidwa cha masiku 28 pachaka chimene anzake ali nacho, kapena malipiro a podwala, kapena chipepeso ntchito ikatha. Mu 2017 Matthew Taylor, amene boma linamtuma kufufuza za magwiridwe a ntchito, analangiza kuti miyeso iwiriyi iyandikizane, koma mu 2022 boma linayankha kuti nthawi yake sinakwane. Makolo athu anasimba za mleme, amene atamwalira mbalame zinamkana chifukwa cha mano ake, mbewa nazo zinamkana chifukwa cha mapiko ake. Munthu uyu amposa mleme pa tsoka, pakuti wamsonkho amlandira ndi manja awiri, ndipo akanidwa tsiku la matenda lokha. Ife tiyesa kuti dziko likatenga kwa munthu msonkho wa mwana wa m'nyumba, liyenera kumpatsanso mbale ya mwana wa m'nyumba.

Tisaganize kuti nkhaniyi ithera kutsidya kwa nyanja. Kuno ku Malawi nakonso wolembedwa ntchito adulidwa msonkho wa PAYE, ndipo lamulo la penshoni la 2011 linalamula kuti bwana amuikire 10 mwa 100 alionse a malipiro ake, iye mwini naikapo 5. Chiyeso chomwecho chilipo, cha kumutcha munthu waganyu kuti tithawe mangawa amenewa. Akulu a mpingo adzifunse za mlonda amene wagona pakhonde la tchalitchi zaka khumi, za mayi wosesa, za mlembi wa mabuku a chopereka. Ngati tiwauza nthawi yofika ndi yoweruka, ngati tiwadzudzula akachedwa, ngati sangatume wina popanda ife kudziwa, ameneyo ndi athu, ngakhale dzina lawo silinalembedwe pakhoma. Ndipo mmisiri wa ntchito imodzi timlemekeze monga mlendo, timlipire mtengo umene tinapangana, osamlamulira ngati mnyamata wathu.

Tchati chinapangidwa kuti chinene zoona za nyumba, kuti wolowa adziwe wopita kwa iye. Tikachilemba poopa wamsonkho, chileka kutumikira cholinga chake. Chifukwa chake tipempha abale amene ali ndi antchito, kaya kuno kaya kunja, kuti ayambe akonza makhalidwe a ntchitoyo, ndipo pambuyo pake alembe pakhoma chimene chilipodi.