Luso la Chowotcherera mu Msewu wa Mosi-oa-Tunya

Mathithi a Victoria ali makilomita 10 okha kuchokera m'tauni ya Livingstone. Mtsinje wa Zambezi ukadzaza mu Epulo, nthunzi ya mathithiwo imanyowetsa alendo mpaka m'matumba, ndipo mafoni omwa madzi amathera m'manja mwa amisiri a mu msewu wa Mosi-oa-Tunya.

Mmisiri wodziwa sathamangira moto. Amayamba watsuka bodi ya foniyo ndi spirit ndi kaburashi, n'kuyeza ndi mita kuti apeze pamene magetsi akudukira. Akapapeza amapakapo flux, amene kawirikawiri amachokera ku utomoni wa mitengo ya paini. Flux akatentha amadya dzimbiri, ndipo solder amayenderera n'kugwira mkuwa bwinobwino.

Luso lenileni lagona pa kutentha ndi nthawi. Solder wosakaniza magawo 63 a tini ndi 37 a mtovu amasungunuka pa madigiri 183, pomwe wopanda mtovu, amene mafakitale ambiri anayamba kugwiritsa ntchito lamulo la ku Ulaya loletsa mtovu m'zipangizo zamagetsi litayamba mu 2006, amafuna madigiri oposa 215. Nsonga ya chowotcherera imakhala pa madigiri pafupifupi 350. Wophunzira amasungunulira solder pansongapo n'kumudonthezera pa bodi. Katswiri amatenthetsa kaye kamwendo ka kachipangizo ndi mkuwa wa pa bodi limodzi, kenako n'kugunditsa waya wa solder kuti usungunukire pomwepo. Masekondi awiri kapena atatu, dzanja lachoka. Likafulumira, polumikizapo sipagwira. Likachedwa, kanjira ka mkuwa kamamatuka. Tizipangizo tokhala ndi miyendo kunsi amatichotsa ndi blower, akuzunguza mpweya wotenthawo pang'onopang'ono mpaka kachipangizo katayandama kokha, ndipo samakakoka mokakamiza.

Ntchitoyi si yachilendo m'tauni muno. Kale fakitale ya ITT Supersonic inkalumikiza mawailesi ndi ma TV ku Livingstone konkuno. Fakitaleyo inatsekedwa, koma manja otere akufunikabe, ngakhale pamene madzi achepa ku damu la Kariba monga mu 2024, magetsi a ZESCO n'kumazima, amisiri n'kudalira mabatire ndi sola.

Mwini foni amakhutira akangoona sikirini yayaka. Mmisiri mnzake amatsegula kumbuyo n'kuyang'ana polumikizapo: pakakhala posalala, solder atakwera kamwendo mopanda chibulumwa, amadziwa kuti foniyo sibwereranso ndi vuto lomwelo.