Kanjira ka Matailosi ku Shah-i-Zinda

Sitima ya Afrosiyob ikanyamuka ku Tashkent m'mamawa, pakatha maola awiri ndi mphindi zochepa imakhala itafika ku Samarkand. Alendo ambiri akangotsika amathamangira ku Registan, bwalo lotchuka lija la masukulu atatu akuluakulu a Chisilamu. Koma wofuna kuona pamene pagona luso la amisiri a mzindawu amalowera kumpoto chakum'mawa, m'mbali mwa chitunda cha Afrasiab, kumene kuli manda otchedwa Shah-i-Zinda.

Dzinali ndi la Chiperisiya ndipo limatanthauza Mfumu Yamoyo. Mwini dzina ndi Qutham, mwana wa Abbas, ndipo Abbasyo anali mchimwene wa bambo ake a Mtumiki Muhammad. Qutham anafika kuno m'zaka za m'ma 600. Anthu a ku Samarkand amasimba kuti adani atamudula mutu, iye anautola n'kutsikira nawo m'chitsime, ndipo ali moyo mpaka lero. Asilikali a Genghis Khan anagumula mzinda wakalewo mu 1220, koma Ibn Battuta atafika cha m'ma 1333 anapeza anthu akubwerabe ndi mphatso pamandapa. Kenaka banja la mfumu Timur linafuna kugona pafupi ndi munthu woyerayu, ndipo nyumba za manda zinayamba kundanda imodzi pambuyo pa inzake mpaka kupitirira 20.

Mlendo amalowa pachipata chimene Ulugh Beg, mdzukulu wa Timur, anamanga mu 1434 ndi 1435. Akangodutsa amakumana ndi makwerero otsetsereka, pafupifupi 40. Amene abwera kudzapemphera amawawerenga pokwera ndi potsika, pokhulupirira kuti nambala ikafanana ndiye kuti mtima wayera. Pofika pamwamba phokoso limakhala litatha, aliyense akupuma mwawefuwefu.

Apa njira imapanikizika. Makoma aatali okutidwa ndi matailosi a buluu amayang'anizana pafupi kwambiri, moti palibe pobwerera m'mbuyo kuti munthu aone nyumba yonse nthawi imodzi. Ku Registan diso limadabwa ndi kukula kwa zinthu lili patali. Kuno amisiri anadziwa kuti ntchito yawo idzaonedwa ndi munthu woyenda pang'onopang'ono, mphuno ili pafupi kugunda khoma, choncho analibe pobisa ulesi.

Nyumba ya Shad-i Mulk Aqa, mwana wa mlongo wake wa Timur amene anamwalira ali mtsikana, ndi ya m'ma 1372, ndipo anaimangitsa ndi mayi ake. Pakhomo pake mmisiri ankasema dongo lisanaume, kukumba maluwa ndi zilembo mozama moti chala chikhoza kulowa, kenaka n'kulipaka utoto wonyezimira ngati galasi n'kuliotcha m'ng'anjo. Mkuwa ndi umene unkatulutsa mtundu wobiriwira ngati madzi osaya a m'nyanja, pamene cobalt ankatulutsa buluu wakuda bii. Chifukwa cha kuzama kwa zosemazo, khomali lili ndi mithunzi yakeyake: m'mawa maluwa amatumphuka, masana amaphwa, madzulo amadzukanso mbali ina.

Moyang'anizana nayo pali nyumba ya Shirin Bika Aqa, mlongo wina wa Timur, ya mu 1385 ndi 1386. Zaka zosakwana 15 zokha zikulekanitsa nyumba ziwirizi, koma kapangidwe kanasinthiratu. Apa tailosi iliyonse inkaotchedwa ndi mtundu umodzi wokha, pa moto woyenera mtunduwo. Kenaka ankaiduladula ndi kakasemasema, tizidutswa tina tochepa ngati chikhadabo. Tizidutswato ankatiyala chafufumimba pansi motsatira chojambula, n'kuthira pulasitala kumsana kwake. Mmisiri ankagwira ntchito yonseyi akuona kumbuyo kokha, ndipo duwa lake ankaliona koyamba pamene chigawo chonse chauma n'kuchidzutsa. Mitundu yake ndi yowala kuposa ya kutsidya kuja, koma khomalo ndi losalala, mithunzi ija palibe. Mlendo akaima pakati amangotembenuza khosi, n'kuona chimene luso linapindula ndi chimene linataya.

Pamakoma onsewa palibe nkhope ya munthu. Pali nyenyezi zolukanalukana, mitengo yoyanga yosaoneka poyambira, ndi mavesi a Korani olembedwa mwaluso moti chilembo ndi tsamba zimakhala pachibale. Amisiri ena analembapo maina awo. Nyumba ina imadziwika ndi dzina la womanga, Ali wa ku Nasaf, pamene dzina la wogonamo linaiwalika kalekale.

Kumapeto kwa kanjiraka kuli chitseko chamatabwa chimene Yusuf wa ku Shiraz anasema mu 1404 ndi 1405. Munthu amadutsa m'kakhonde kamdima asanatulukire m'chipinda chopemphereramo, cha denga lozungulira ngati mphika wovundikirika. Manda a Qutham ali kuseri kwa zenera lamatabwa olukana, ndipo amangooneka pang'ono, zilembo zagolide zikuthwanima. Womanga anachita kufuna kuti chinthu chimene munthu wachiyendera ulendo wonse asachione chonse.

Samarkand analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2001, ndipo mu 2005 boma la Uzbekistan linakonzanso malowa kwambiri. Akatswiri ambiri anadandaula, ndipo dandaulo lawo n'lomveka. Pamene panali njerwa zoonekera anaikapo matailosi atsopano, ofanana ngati mapasa, owala mofanana paliponse. Tailosi yakale ili ndi pamene utoto unayenderera, pamene moto unapsereza, pamene dzanja linanjenjemera. Kuteteza khoma kuti lisagwe n'koyenera, koma kudzaza mpata uliwonse kumasokoneza mlendo, amene sathanso kusiyanitsa chala cha mmisiri wa mu 1372 ndi cha womanga wa dzulodzuloli.

M'chipinda chopemphereramo chija anthu amakhala pamabenchi motsamira khoma, manja atatambasula, shehe akuwerenga Korani motsitsa mawu. Akamaliza onse amapukuta kumaso ndi zikhatho. Gogo wina wovala mpango woyera amadzuka, n'kusisita khoma potuluka, ndipo pofika pamakwerero milomo yake imayambanso kuwerenga.